Zimene ndinkathira m'phala la amuna anga

Zimene ndikufuna kukuuzanizi zinachitikadi, ndipo ndikanakonda zikanakhala zopeka, chifukwa m'nkhaniyi mulibe mfiti kapena mnansi wa kaduka woti tonse timuloze chala, wolakwa ndi ine ndemwe. Sinditchula dzina la munthu aliyense. Mungodziwa kuti kwathu ndi kufupi ndi Makokola, ndipo amene atandizindikire pa kayankhulidwe angomeza mate, asakandifunse kumsika.

Amuna anga ankagwira ntchito yoperekera zakudya kwa alendo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Kwawo ndi ku Katuli, koma anabwera kudzamanga kwathu monga mwa mwambo, ndipo anali Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, woti mabotolo a mowa wa alendo ankawanyamula tsiku ndi tsiku koma sanalawepo ngakhale thovu lake. Ine ndimagula usipa ndi utaka kugombe, kuyanika, n'kukagulitsa ku boma. Ndine munthu wa mutu wouma, zimenezo ngakhale malemu mayi anga ankanena, kuti ndikaganiza chinthu ndi bwino kungondisiya chifukwa kundiletsa n'kutaya malovu pachabe.

Zonse zinayambira m'mimba. Bambowo ankavutika ndi chilungulira, kuchipatala anati ndi zilonda za m'mimba, anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti achepetse tsabola. Tsabola yekha basi. Koma inu mukudziwa mmene timakhalira amayi pa thandala la nsomba, aliyense ndi dokotala. Wina anati nyemba zimatupitsa zilonda, wina anati nsinjiro zimakanda m'matumbo, wina anati mgaiwa ndi wokhakhala, wina analetsa usipa, wina chiwindi ndi nandolo. Ine ndinatola zonsezo n'kuzisandutsa lamulo la pakhomo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anayamba kukhalira phala la ufa woyera lothira mkaka, mpunga woyera, buledi ndi tiyi, ndipo ngakhale kuntchito ndinkawamangira chakudya kuti asakadye za kukhitchini ya alendo. Akapempha kamtedza kokazinga ndinkawafunsa ngati akufuna kundisiya wamasiye, iwo n'kungoseka.

Kenako kunabwera korona. Achimwene anga aakulu anamwalira nayo ku boma akubanika, ndipo maliro ake anali othamanga, sitinawasambitse monga mmene chipembedzo chathu chimafunira. Kuyambira tsiku limenelo ndinagwidwa ndi mantha amene sindinauze munthu. Alendo atayamba kuthawa pa loji paja, mayi wina wachizungu anasiyira antchito mabotolo a mapilitsi otchedwa zinki, n'kunena kuti amalimbitsa thupi. Patangopita masiku amuna anga anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, anamwa mapilitsiwo, ndipo anachira. Kodi mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Kwa ine umboni unali wokwanira, achimwene analibe zinki anapita, amuna anga anali nayo anatsala.

Mliri utazilala iwo anati basi, munthu wosadwala samwa mankhwala, moyo uli m'manja mwa Mulungu. Tinakangana, ine ndinalira, iwo anakanitsitsa. Ndiye ndinachita zimene ndinachitazo. M'mamawa uliwonse ndinkapera mapilitsi pakati pa masupuni awiri n'kuthira m'phala lawo, atatu, tsiku lina anayi, poganiza kuti chinthu chothandiza chikachuluka chimathandiza koposa. Botolo la mzungu litatha ndinkagula ena ku boma ndikapita ndi nsomba, amphamvu kwambiri, ndipo palibe anandifunsa kalata ya dokotala. Akadandaula kuti phala likumveka chitsulo ndinkanamizira poto n'kuwonjezera shuga. Akamva nseru kapena m'mimba kupotokola ndinkati ndi zilonda zija, n'kukhwimitsanso lamulo la zakudya. Zinayenda choncho kupitirira zaka ziwiri, ndipo chikumbumtima changa chinali mbee, ndinkadziona ngati mkazi wosamala kuposa onse m'mudzi.

Choyamba kusintha linali tsitsi. Linali lakuda bii, koma linayamba kufiirira ndi kufota, ife n'kumati ndi ukalamba ukugogoda. Kenako zikhatho zinayera, kamtunda kochokera kugombe kamene ankakwera akuimba anayamba kupumira kawiri, mapazi ankatupa mpaka nsapato za kuntchito osalowa. Choipa kwambiri chinali kayendedwe. Anayamba kudzandira ngati munthu amene wachokera ku mowa, mapazi kuwaponya patali, akatseka maso posamba kumaso n'kupepesuka. Tsiku lina anagwa ndi thireyi ya matambula pamaso pa alendo, ndipo mabwana anawauza mwaulemu kuti akapume kaye kunyumba. Mphekesera inatsogola iwo asanafike pakhomo, yakuti bambo wa swala uja wayamba kupsontha zotsala za azungu. Akuluakulu awiri a kumzikiti anabwera kudzacheza, anakhala moyandikira kwambiri uku akufunsa za umoyo, ndipo tonse tinadziwa kuti akununkhiza. Atachoka, amuna anga analowa m'nyumba n'kulira, ine sindinawaonepo akulira chikwatiranireni.

Tsiku limene ndinachita mantha enieni linali lowala bwino, cha m'ma eyiti koloko m'mawa. Ndinkasita mkanjo wawo ndi simbi ya makala pakhonde, khala lamoto linagwa pansi osaliona, iwo anabwera opanda nsapato n'kuima pambali panga akundiuza za denga lodontha. Ndinamva fungo ngati wina akuwawula nkhuku. Ndinayang'ana uku ndi uku, kenako pansi, n'kuona kautsi kakutuluka pansi pa phazi lawo, mwini wake akupitiriza kukamba za malata. Ndinawakankha mpaka kutsala pang'ono kugwa. Anatembenuza phazi, analiyang'ana bala lakuda lija modabwa ngati ndi phazi la munthu wina, n'kundifunsa kuti zachitika nthawi yanji. Ine ndinangokhala pansi pomwepo.

Mbiri itafika ku Katuli anabwera alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, mayi wosabisa mawu. Anangoona mbale ya phala ija n'kuyamba kuyankhula mokweza kuti anansi amve, Chiyao ndi Chichewa kuphatikiza. Anati mchimwene wawo anachoka kwawo ali mwamuna wamphamvu, lero akudya phala la khanda ndipo amaopa mkazi ngati mwana wa sukulu, nanga si khuzumule ameneyu? Anati iwo si ana, akudziwa kuti pali chimene ndimathira m'chakudya, ndipo akapita kwa ashehe kukawerengetsa pemphero la dua kuti amene wachita zimenezi chimugwere. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinadzuka, ndinaloza kumwamba pamaso pa anthu onse amene anasonkhana, n'kulumbira pali Mulungu kuti m'chakudya cha amuna anga sindinathiremo kanthu kupatula mchere ndi shuga. Mumtima ndinkati mapilitsi a m'sitolo sawerengedwa, si mankhwala achikuda. Anthu anandikhulupirira, alamu anachita manyazi, ndipo ine ndinali nditadzitsekera ndekha khomo lotulukira.

Pasanathe sabata amuna anga anakomoka masana popita kumsewu, milomo ili yotuwa, mtsempha wa pakhosi ukugunda mothamanga moti unkaoneka ndi maso. Ku chipatala cha ku boma anati magazi achepa kwambiri, anawawonjezera. Anayeza malungo, chifuwa chachikulu, kachilombo, zonse palibe. Magazi aja anatsikanso, ndipo atawaunika pachifuwa anati mtima wakula, sukupopa bwino, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'mapazi ndi m'mapapo. Anatitumiza ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Magadiyani tinali awiri, ine ndi alamu aja, kugona pa mkeka umodzi osayankhulana, aliyense kulondera mnzake. Apa ndipemphe kuti musandiweruze msanga, kapena ndiweruzeni, zilibe kanthu: ngakhale kuchipatala komweko ndinkapitiriza. Botolo ndinkalimanga pa mfundo ya chitenje, ndikamaphika kukhitchini ya magadiyani n'kupera mobisa, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mapilitsi angawo ndi amene akuwagwirizira moyo.

Pa madokotala amene ankazungulira mu wodi panali mtsikana wina wa magalasi, woyankhula motsitsa. Tsiku lina anaima nthawi yaitali ndi faelo, n'kunena kuti chikumudabwitsa n'chakuti magazi achepa, asilikali a m'thupi achepa, miyendo yafa dzanzi ndipo mtima wafooka, zonse pa munthu mmodzi. Anafunsa ngati bambowa amamwa china chilichonse chimene sanatiuze, cha zitsamba kapena mapilitsi owonjezera mphamvu, makamaka zinki. Amuna anga anayankha mopumira kuti anamwako nthawi ya korona koma anasiya kalekale. Adokotala anatembenukira kwa ine kuti popeza ndine wophika mwina ndikudziwa zambiri. Alamu nawonso anatembenuka, maso tong'o. M'maganizo ndinaona mudzi wonse umene ndinalumbira pamaso pake, ndinaona akundilanda amuna anga kupita nawo ku Katuli, ana anga akulozedwa zala kuti mayi wawo ndi wothira. Ndinati ayi, palibe.

Masana omwewo ndinakataya botolo lija m'chimbudzi. Ndinadzitonthoza kuti ngati vuto ndi mapilitsi, ndasiya, achira okha ndipo palibe adzadziwe. Koma sanachire. Madokotala poona kuti njira imeneyo yatsekeka anayamba kuganizira khansa ya m'magazi, mpaka anawabaya ndi chisingano chachikulu m'fupa la m'chiuno kuti atenge mafuta a m'kati. Ine ndinawagwira dzanja akubuula, ndikudziwa kuti mawu amodzi okha akanaletsa singanoyo. Kodi munthu woteroyo mungamutchule chiyani? Dzanzi lija linali m'mapazi pamene tinkafika, koma ndinkaliona likukwera, sabata ino m'katumba, sabata inayo m'mawondo, adokotala akuwagunda ndi kanyundo mwini wake osamva. Ndinakhala chete pafupifupi masabata atatu.

Chimene chinandithyola sichinali dua ya alamu. Tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe, amuna anga anatiitana tonse awiri. Anali atatsamira mapilo atatu chifukwa akagona chagada ankabanika, kachubu ka mpweya kali m'mphuno. Anauza mlongo wawo kuti asiye kuvutitsa mkazi wawo, chifukwa palibe munthu amene anawasamala ngati ine. Kenako anandigwira dzanja n'kuyamba kutsanzika monga amachitira munthu amene waona kuti ulendo wayandikira. Anandipempha kuti ndiwakhululukire chilichonse chimene anandilakwira, makamaka pondidzutsa m'mamawa zaka zonsezi kuwaphikira phala lapadera pamene anzanga akugona. Anati akapita ndisawatumize ku Katuli, ndiwaike kwathu, pafupi ndi ine. Ndinatuluka mu wodi opanda nsapato, ndinathamanga m'makonde a chipatala ngati wamisala ndikufunsa aliyense wovala zoyera za dokotala wa magalasi, ndipo ndinamupeza akutsika masitepe chikwama chili paphewa, akuweruka.

Ndinamuuza zonse titaima pomwepo. Sanandikalipire, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Anangofunsa kuti angati pa tsiku, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kunyumba amadya chiyani. Nditatchula zakudya zimene ndinaletsa anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Anandikhazika pa benchi n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Anati thupi la munthu limafuna kopa, mkuwa womwewu wa m'mawaya a magetsi, koma wochepetsetsa kwambiri, ndipo timaupeza osadziwa mu mtedza, nyemba, nandolo, chiwindi ndi zina zotero. Ine ndinali nditachotsa zonsezo. Pamwamba pa apo zinki akachuluka m'matumbo amatsekereza kopa wochepa amene watsala kuti asalowe m'magazi, amangotuluka ndi chimbudzi. Anati m'minofu ya mtima muli tizinthu tosaoneka ndi maso, anatitchula kuti maitokondiriya, timene tili ngati timbaula tambirimbiri totembenuza chakudya ndi mpweya kukhala mphamvu yopopera magazi, ndipo popanda kopa timbaulato sitiyaka bwino. Ndiye timatupa, timachulukana poyesa kukwaniritsa ntchito, mtima umakula koma mphamvu palibe. Mitsempha ya m'miyendo ndi mafupa opanga magazi nazonso zimadalira kopa yemweyo. Kunena mwachidule, amuna anga ankafa ndi njala ya chinthu chimene chinali m'thumba la mtedza limene ndinkalibisa pamwamba pa kabati.

Adokotala anati atumiza magazi kutali kukayezetsa, koma sadikira zotsatira, ayamba kufunafuna mankhwala a kopa nthawi yomweyo. Kenako ananena chimene ndinkachiopa, kuti wodwala ali ndi ufulu wodziwa, ndipo ndisankhe kuwauza ndekha kapena awauze iwo. Mawa lake alamu atapita kukachapa ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula, kuyambira masupuni awiri aja mpaka bodza limene ndinanena pamaso pa adokotala. Amuna anga anandimvetsera maso ali kudenga. Nditamaliza anangochotsa dzanja lawo m'manja mwanga pang'onopang'ono n'kuliika pachifuwa.

Zotsatira zitabwera zinatsimikiza zonse. Mankhwala anapezeka movutikira, ndipo ine amene ndinkaletsa nsinjiro ndinayamba kuzungulira misika ya mumzinda kusaka chiwindi cha nyama yozingidwa mwa Chisilamu ndi mtedza. Magazi anabwerera m'masabata ochepa, moti anamwino ankadabwa. Mtima unachedwa, koma miyezi ikupita kutupa kunaphwa, anayamba kugona chagada, ndipo lero amamwa mankhwala a mtima koma akupuma bwino. Miyendo ndiyo sinabwerere. Adokotala anandiuza moona mtima kuti mitsempha ikawonongeka sichira msanga, nthawi zina sichira n'komwe, ndipo sangalumbire kuti masabata atatu aja akanasintha zinthu. Iwo sangalumbire, koma ine ndinalipo, ndinaliona dzanzi likuchoka m'mapazi kufika m'mawondo ndili chete.

Alamu atafunsa kuti matendawa anali chiyani, amuna anga anayankha okha ine ndisanatsegule pakamwa. Anati ndi kuperewera kwa chakudya china m'thupi, basi, palibe munthu wolakwa. Mayi aja anandipepesa ndi misozi, ndipo titabwerera kumudzi anabwera ndi nkhuku kuchokera ku Katuli kudzatsuka mawu awo. Ndinailandira ndi manja awiri. Mayi amene ananena zoona anandigwadira ine wabodza, ndipo ndinamusiya agwade.

Za nkhaniyi amuna anga anandifunsapo kamodzi kokha, patapita miyezi, ana atapita kusukulu. Anati za mapilitsi akumvetsa, anali mantha a imfa ya achimwene ndipo ndinkafuna zabwino, zimenezo anakhululuka tsiku lomwelo. Chimene sakumvetsa ndi masabata atatu aja. Anafunsa kuti pamene ankawabaya m'fupa ine nditawagwira dzanja, ndinkaganiza chiyani? Anadikira pang'ono, kenako anapempha madzi akumwa. Sanabwerezenso, ndipo yankho ndilibe mpaka lero.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti umbuli unawadwalitsa, koma chimene chinawalumalitsa ndi manyazi anga. Ndinaopa pakamwa pa anthu kuposa manda a amuna anga. Choncho amayi anzanga, ndi abambo omwe, mapilitsi ngakhale akhale ogula m'sitolo yooneka bwino si ndiwo zoti muzithira mmene mwafunira, ndipo musamulande munthu mtedza ndi nyemba chifukwa cha zonena za pa thandala. Chakudya cha mnzanu musathiremo kanthu iye osadziwa, ngakhale mutamukonda chotani. Koposa zonse, dokotala akakufunsani funso, yankhani zoona nthawi yomweyo, apongozi kapena alamu alipo kapena palibe, chifukwa mbiri yoipa munthu amakhala nayo n'kumayendabe ndi miyendo yake.

Amuna anga ntchito ya pa loji inatha, amayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo sangathenso kugwada n'kugunditsa chipumi pansi pa swala monga ankachitira kuyambira ali mwana. Lachisanu lililonse ndimasenza mpando wapulasitiki kukausiya pakhomo la mzikiti kuti akapempherere atakhala, kumbuyo kwa anzawo. Amayi a m'njira amandiimitsa n'kumauza ana awo aakazi kuti aone mkazi weniweni mmene amasamalira mwamuna, ena afika pondipempha kuti ndizikalangiza atsikana olowa m'banja. Ine ndimangowerama n'kupitiriza ulendo ndi mpando wanga pamutu, iwo akubwera pambuyo pang'onopang'ono, ndipo zonsezo amazimva.